Mawu oti "gordito" ndi kunenepa kwa ana aang'ono ku America

Sabata ino m'phunziro la kadyedwe tinapatsidwa ntchito yowerenga za kunenepa kopitirira muyeso pakati pa ana osayamba sukulu a m'mabanja olankhula Chisipanishi amene amakhala ku United States. Ndinayamba kuwerenga ndili ndi yankho kale, loti makolo amalekerera ana awo, koma yankholi silinapirire ngakhale masiku atatu.

Ziwerengero za bungwe la boma la America loona za matenda la CDC za m'zaka za 2017 mpaka 2020 zikuonetsa kuti pa ana 100 aliwonse a m'mabanjawa, a zaka 2 mpaka 19, ana 26.2 anali onenepa mopitirira muyeso, pomwe pa ana achizungu chiwerengerochi chinali 16.6. Kusiyanaku kumayamba mwana asanalowe m'kalasi, n'chifukwa chake zaka zoyambirira zimafunika kuzipenda mosamala.

Chimene chinandigwira mtima ndi mawu oti "gordito", amene amatanthauza kamwana kojintcha. Si mawu achipongwe ayi, koma achikondi, ndipo kawirikawiri amachokera m'kamwa mwa agogo. Ndinawamvetsa msanga chifukwa nafenso kwathu mwana wamasaya timamutcha wathanzi, ndipo mayi wake timamuyamikira kuti akulera bwino. Gogo amene anakulira m'mudzi wa ku Mexico kapena ku Guatemala, amene anaonapo ana onyentchera, sangavomere mosavuta akauzidwa ku sikelo kuti mdzukulu wake wachulukitsa thupi. Kwa iyeyo mbale yotsala ndi chizindikiro cha matenda, choncho amamukakamiza mwana kuti amalize zonse.

Komabe chikhalidwe chokha sichikwanira kufotokoza vutoli. Makolo ambiri amagwira ntchito zamalipiro ochepa m'minda, m'zomangamanga ndi m'malesitilanti, amabwerera madzulo atatopa, ndipo chakudya chotsika mtengo ndi chosachedwa kukonza ndicho chodzaza ndi shuga ndi mafuta. Madokotala a ana a m'bungwe la American Academy of Pediatrics analangiza mu 2017 kuti mwana wa chaka 1 mpaka 3 asamwe juwisi woposa mamililita pafupifupi 120 pa tsiku, koma kholo loona chithunzi cha chipatso pa botolo limakhulupirira kuti likupatsa mwana chinthu chabwino, ndiponso makampani amatsatsa zakumwa zotsekemera m'Chisipanishi pa wailesi yakanema.

Pa nkhani yoti ana sasewera mokwanira, mawu oti ulesi ndawasiya. Bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti mwana wa zaka 3 kapena 4 azitakataka mphindi 180 pa tsiku, ndipo asapitirire ola limodzi akuonera kanema. Nanga adzathamangira kuti mwana wokhala m'nyumba yosanja yopanda bwalo, m'dera limene mayi akuopa magalimoto ndi zachiwawa, kapena mumzinda ngati Phoenix umene m'chilimwe kutentha kumapyola madigiri 40?

Chandilimbikitsa ndi ndondomeko ya WIC, yothandiza amayi ndi ana osauka ndi chakudya. Mu 2009 boma linawonjezeramo zipatso ndi masamba n'kuchepetsa juwisi, ndipo kunenepa kwa ana a zaka 2 mpaka 4 a m'ndondomekoyi kunatsika kuchoka pa 15.9 pa 100 mu 2010 kufika pa 13.9 mu 2016. Nkhani imene ndipereke kwa aphunzitsi ndaganiza zoilemba pa kusintha kumeneku, ndipo ndidzayambira pa funso la mmene wazaumoyo angayankhulire ndi gogo uja popanda kumunyoza pa chikondi chake.