Khadi labodza la GTX 1050 Ti linandidyera tsiku lathunthu

Usiku wathawu ndamaliza kukonza kanema wa chinkhoswe wa mphindi 40, kompyuta osaima ngakhale kamodzi. Ndagona mtima uli m'malo koyamba pa masabata atatu. Ndiye ndati ndilembe zimene ndakumana nazo ndisanaziiwale, chifukwa ndikudziwa kuti pali ena amene asonkhanitsa kale ndalama akufuna graphics card, khadi loyendetsa zithunzi m'kompyuta, koma sakudziwa kuti m'mashopu ena makhadi abodza amayalidwa pamodzi ndi enieni.

Kompyuta yanga ndi Dell OptiPlex 7010, ija yaikulu yoimirira, mwa zija zimabwera zitagwirapo kale ntchito m'maofesi akunja. Mkati muli processor, ubongo wa kompyuta, ya i5-3470. Polemba makalata ndi kuonera YouTube ilibe mlandu. Koma ine ndimadyera kujambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ndikangoikamo kanema wa 1080p n'kuwonjezera mawu ndi nyimbo, inkayamba kutsimphina, zithunzi kudukaduka, fani kulira ngati chigayo. Eni kanema akuimba foni tsiku ndi tsiku, ine ndikungoti mawa.

Ngati simukudziwa chimene chili m'kompyuta mwanu, tsegulani Device Manager mu Windows, muone pa Display adapters. Kwa ine panalembedwa Intel HD Graphics 2500, kutanthauza kuti khadi munalibe, zithunzi zinkayendetsedwa ndi kachigawo kamene kali mu processor momwemo. Mukaona Microsoft Basic Display Adapter ndiye kuti driver, pulogalamu yoyendetsa khadi, palibe, Windows sikulidziwa khadi lanu. Njira ina ndi kungoyang'ana kumbuyo. Chingwe cha monita chikakhala pamzere umodzi ndi mabowo a USB ndiye kuti chili pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kompyuta, osati pakhadi. Mabowo a khadi amakhala paokha m'munsi, mopingasa.

Kenaka tsegulani bokosi muwerenge kapepala kamene kamamatidwa pa power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta. Yanga ndi ya 275W, ndipo ilibe chingwe chija cha mapini 6 chimene makhadi akuluakulu amafuna. Malo olowetsamo khadi, PCIe x16, paokha amapereka 75W basi. Apo ndiye panathera maloto anga a GTX 1060, imene imadya 120W, ngakhalenso RX 580 imene imadya kuposa pamenepo. Anatsala ndi makhadi amene amakhutira ndi 75W: GT 1030, GTX 1050 Ti ndi GTX 1650. GT 1030 ndinaisiya chifukwa ilibe NVENC, chigawo chimene chimafulumizitsa kutulutsa kanema, komanso ilipo yamitundu iwiri, ya memory ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzimodzi koma ya DDR4 ndi yofooka kwambiri. GTX 1650 thumba linakana. Ndinasankha 1050 Ti ya 4 GB.

Loweruka lina ndinapita m'tauni, ndinazungulira mashopu angapo, mpaka ndinalipeza. Bokosi latsopano lowala, mafani awiri, kachimbale ka driver mkati. Mtengo unali wotsika kuposa mmene ndinkaganizira. Mnyamata wa m'shopumo anati, "Bwana, awa atsala awiri okha, mukachedwa muwapeza atapita." Ndinamufunsa ngati tingaliyese kaye. Anati kompyuta yoyesera ili ndi abwana ake, koma khadi ndi latsopano, loyeseranji? Ndinatumiza ndalama pafoni, anandilembera lisiti, ndinanyamuka.

Musachite zimenezi. Musapereke ndalama khadi lisanalowe m'kompyuta pamaso panu ndipo GPU-Z isanalitchule dzina. GPU-Z ndi kapulogalamu kakang'ono kaulere ka TechPowerUp kosonyeza zenizeni za khadi, kamakwana pa flash ndipo kamatseguka popanda kukakhazika.

Kunyumba khadi linalowa bwinobwino, sikirini inayaka. Ndinagula bandulo yausiku n'kukopera driver wa pa webusaiti ya NVIDIA, kampani ya makhadi a GTX, fayilo yoposa 500 MB, ndipo netiweki ya kwathu mukuidziwa usiku mmene imayendera. Itatha, driver anakana, akuti sakupeza khadi logwirizana naye. Ndinkaganiza kuti fayilo yaonongeka pokopera, ndiye ndinagulanso bandulo ina. Chimodzimodzi. Wa pakachimbale ndiye analowa mosavuta, ndipo Windows inalemba bwinobwino kuti GTX 1050 Ti, 4 GB. Ndinasangalala. Koma nditatsegula kanema, patangopita mphindi zochepa sikirini inadzaza timizere tobiriwira ndi tofiirira, kenaka pulogalamu inatsekeka yokha. Mwana wanga atayesa gemu yake yampira, inafika pakati n'kuzima. Tsiku lotsatira mu Device Manager munaoneka kachizindikiro kachikasu ndi Code 43, kutanthauza kuti Windows yaliimitsa khadi chifukwa cha vuto.

Mnzanga wina amene amakonza makompyuta ndiye anandiuza pafoni kuti, "Aise, tatsegula GPU-Z, undiwerengere zimene ukuonazo." Patsogolo pa dzina la khadi panali mawu oti FAKE ndi kachizindikiro kochenjeza. Kuchokera mu 2018 pulogalamuyi imatha kugwira makhadi oterewa. Pa dzina la chip ya khadi, pamene panayenera kulembedwa GP107 panali GF106. Ma shader, tizigawo tokonza zithunzi, 192 m'malo mwa 768. Kapangidwe ka 40 nm m'malo mwa 14 nm. Chimene ndinagula chinali GTS 450, khadi la mu 2010, limene ena analisintha BIOS, kapulogalamu ka m'kati mwa khadi, kuti lizidzitchula GTX 1050 Ti ya mu 2016. Limanena kuti lili ndi 4 GB pamene kwenikweni lili ndi yochepa, ndiye ntchito ikangopitirira malire enieniwo zonse zimasokonekera. Timizere tija tinkachokera pamenepo. Ndipo driver watsopano ankakana chifukwa makhadi a m'badwo umenewo, wa Fermi, driver wawo womaliza ndi 391.35 wa mu 2018. N'chifukwa chake amakuikirani kachimbale m'bokosi.

Tsopano tsiku limene likundipwetekabe. Lolemba m'mawa ndinaimba foni kushopu. Anati ndibwere ndi khadi, lisiti komanso kompyuta yanga imene, kuti aone ngati vuto si la kompyutayo. Ndinaikulunga m'chitenje cha amayi akunyumba, ndinakwera nayo kabaza mpaka pasiteji, itakhala pamiyendo. Mu minibasi kondakitala anati ndilipire mpando wake. Ndinalipira. Cha m'ma 9 koloko ndinali nditafika.

Abwana kunalibe, akuti apita kubanki. Ndinakhala pabenchi panja, kompyuta pakati pa miyendo, dzuwa likuotcha khonde. Mnyamata uja ankangodutsa osandiyang'ana kumaso. Itakwana 11 anati abwana ali m'njira. Itakwana 1 koloko anati apita kukadya. Ine osadya, kuopa kuti ndikangochoka iwo afika n'kubwereranso. Anatulukira cha m'ma 2, ndipo nthawi imeneyo magetsi anali atazima. Anati jenereta sangaliyatse chifukwa cha munthu mmodzi, mafuta ndi odula. Tinadikiranso.

Magetsi atabwera, anandiuza kuti kuyesa khadi ndi K10,000. Ndinati, "Achimwene, khadi ndagula kwa inu dzana lomweli, ndilipirenso kuti muone chimene munandigulitsa?" Anandionetsa mawu ang'onoang'ono pansi pa lisiti oti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kunena kuti kungondilandira kokha akundichitira chifundo. Magazi anandithamanga. Ndinali nditataya kale mabandulo awiri, ya kabaza, ya mipando iwiri, ndi tsiku limene ndikanajambula mwambo wina umene ndinaukana. Ndinalipira chifukwa panalibe kuchitira mwina.

Anailumikiza, sikirini inayaka, Windows inalemba GTX 1050 Ti. Anatembenuka n'kuti, "Mwaona bwana? Likugwira ntchito." Ndinatulutsa flash yanga n'kutsegula GPU-Z. Mawu aja oti FAKE anaonekera, ndipo m'shopumo munali anthu ena atatu amene anasendera pafupi kudzaona. Abwanawo anakhala chete, kenaka anati nawonso anapusitsidwa ndi amene anawaoda. Mwina n'zoona. Koma ndalama yoyesera ija sanabweze, ndipo ya khadi anandibwezera Lachinayi, nditapitakonso kachiwiri. Khadi linzake lija ndinaliona likadali pashelefu tsiku limenelo, m'bokosi lake lowala. Zimenezo ndiye zinandiwawa kuposa ndalama.

Ndaiwala kunena chizindikiro chimene mungaone osayatsa chilichonse. Khadi labodza lija linali ndi bowo la VGA, lija labuluu la mapini 15. GTX 1050 Ti yeniyeni siikhala nalo, imabwera ndi HDMI, DisplayPort ndi DVI-D. Pogula paja ndinakondwera kuona VGA chifukwa monita yanga ndi yakale, osadziwa kuti chimene chikundikondweretsacho ndi chimene chinayenera kundithawitsa. Mukaona 1050 Ti ya VGA, yokhala ndi kachimbale kopanda dzina la kampani, mtengo wotsika modabwitsa, bwezani pakauntala. Ndipo ngakhale zonse zioneke bwino, GPU-Z kaye, ndalama pambuyo.

Khadi lenileni anandipezera ndi mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, logwiritsidwapo kale ntchito. Ndinamuuza kuti asalipire mpaka wogulitsa alilowetse m'kompyuta. Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: GP107, ma shader 768, GDDR5, 128 bit. Ndinachiwerenga katatu ndisanamuyankhe kuti lipirani alamu. Linabwera pabasi litakulungidwa m'majuzi a ana.

Kuliika si ntchito yaikulu. Zulani chingwe cha magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira athe, gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zamkati. Chotsani kachitsulo kotseka kumbuyo, kankhirani khadi mpaka kachogwirira kakumapeto kalire. Amene muli ndi OptiPlex zing'onozing'ono zopyapyala zija samalani, mumalowa makhadi aafupi okha, otchedwa low profile, ndipo funsani ngati kachitsulo kake kakafupi kalipo musanagule.

Nditayatsa, sikirini bii. Mtima unagunda, ndinati zayambanso. Koma vuto linali loti chingwe cha monita ndinachibwezera pa motherboard, poti pakhadi panalibe polowetsa VGA. Ndinafufuza m'kabati n'kupeza kolumikizira kakale ka DVI kupita ku VGA, koma kanakana kulowa. Kali ndi timapini tinayi tozungulira kachitsulo kafulati, ndipo DVI-D ilibe mabowo a timapini timeneto, chifukwa siitumiza n'komwe mtundu wa chithunzi umene VGA imafuna. Musakakamize, muthyola. Chofunika ndi kolumikizira ka HDMI kupita ku VGA, kamene kali ndi kachipangizo mkati kosinthira chithunzicho. Unali ulendo winanso wa m'tauni, koma uwu wokha unatheka mu ola limodzi.

Driver wa pakachimbale uja anali akadali m'kompyuta ndipo ankalimbana ndi khadi latsopanoli, sikirini inkaphethira. Ndinamuchotsa ndi Display Driver Uninstaller, imene ambiri amangoti DDU, Windows ili mu Safe Mode, intaneti nditadula kuti Windows isaikemo wake mwakachetechete. Fayilo ija ndinakopera kawiri ndi mabandulo anga inali ikadalipo, ndipo ulendo uno inalowa kamodzi n'kamodzi. Code 43 sinabwerenso.

Za power supply ndinene zoona. NVIDIA imalangiza 300W pa khadi limeneli, yanga ndi 275W. Ikukwanitsa chifukwa i5-3470 imadya 77W yokha ndipo mulibe zambiri mkati, koma ndikapeza ndalama ndiisintha. Ngati kompyuta yanu ikuzima yokha mukangoyamba ntchito yolemera khadi mutaika latsopano, yambani mwakayikira power supply musanakayikire khadi. Ndipo ndi mmene magetsi amabwerera mwamphamvu akazima, musaisiye pakhoma yokha popanda chotetezera. Ine tsopano ndimazula akangozima.

China ndi fumbi. Mwezi wa October uno kutentha kwake mukukudziwa, ndipo nditatsegula bokosi ndinapeza fani ya processor itavala fumbi lofiira ngati bulangete. Ndinatulutsa kompyutayo panja, ndinagwira mafani ndi chala kuti asazungulire, n'kupukuta ndi kaburashi kofewa. Ndinaichotsanso pansi n'kuiika patebulo. Mu GPU-Z momwemo, pa Sensors, mumaona kutentha kwa khadi. Langa potulutsa kanema likumafika cha m'ma 70, ndipo masana kukatentha kwambiri ndimatsegula zenera.

Flash ija ya GPU-Z ndaimangirira kumakiyi anga. Loweruka likubwerali ndikuperekeza mphwanga amene akufuna GTX 1650, ndipo ndamuuza kale kuti shopu ikakana kuyesa khadi pamaso pathu tituluka osakambirana n'komwe za mtengo. Kanema wa chinkhoswe uja eni ake akubwera kudzatenga madzulo ano.