Sindinathawe, ndinangokwera pa tebulo

Popeza nkhaniyi yafika kale mpaka ku Matero, ena mukuwonjezera kuti ndinalira, imvani kwa mwiniwake. Linali thukuta.

Pa tebulo ndinakweradi. Koma ahedi atanena kuti kukubwera mlendo wothandiza ana amanyazi kuwerenga, ine ndinkayembekeza mayi wa magalasi. Chitseko kutseguka, kunalowa chigalu cha mtundu wa Labrador, msinkhu ngati thole, kansalu kofiira m'khosi ngati wa kwaya.

Mayi amene anabwera naye anafotokoza bwinobwino: galuyu ndi wophunzitsidwa, katemera wa chiwewe anabayidwa, ana amamuwerengera mokweza chifukwa saseka mwana akaphonya mawu, ndipo kumusisita kumakhazika mtima pansi. Zonsezi ndinazimva ndili pamwamba, choko m'manja.

Galu uja anadutsa ana onse, manja ali tambasu kumuitana, n'kulunjika kwa ine. Anafika, nayika chibwano pa nsapato yanga. Chibwano chofunda, cholemera ngati thumba la ufa. Kenako anakweza maso n'kundiyang'ana momwe agogo amayang'anira mdzukulu amene walephera mayeso kachitatu. Anausa moyo. Galu kundiusira moyo ine! Dovu linayamba ulendo wake pa nsapato yomwe ndinagula pa salaula ku msika wa Soweto mu Lusaka, linatsika pang'onopang'ono, n'kulowa mu sokosi. Ine chiimire, ndikuwerenga misomali ya denga.

"Musaope aphunzitsi," anatero mayi uja, "amakonda kupita kwa amene ali ndi nkhawa kwambiri." Pamaso pa Giredi 3 yonse! Pamene zoona zake n'zakuti m'thumba munali chitumbuwa.

Ndiye kamtsikana kamene sikanatsegulepo pakamwa chiyambire Januwale kanaimirira. "Aphunzitsi, pumani pang'onopang'ono. Werengani mpaka 10, monga mumatiuzira." Ndinawerenga. Kalasi yonse inandithandiza, mokweza, mwa nyimbo.

Musanaseke, kumbukirani kuti ine ndinakulira ku Chawama, kumene galu akakuyandikira mwakachetechete ndiye kuti wasankha kale mwendo. Komanso mwana uja anayankhula chifukwa cha ndani? Mu lipoti alemba kuti ndi galu. Za munthu amene anapereka ulemu wake wonse pa tebulo palibe ngakhale mzere umodzi.

Chitumbuwa galu uja anadya. Akuti akubweranso Lachinayi, koma dzino langa layamba kale kuwawa.