SindiopaMkazi wagwa kuseri kwa Pochinki

Munthu akamabadwa dzina amachita kupatsidwa, alibe chonenapo. Koma pa gemu ya pa intaneti amakupatsa kabokosi kopanda kanthu n'kukuuza kuti dzitchule wekha, ndipo apo m'pamene zamumtima zimatulukira. Mnyamata woti akaona mphemvu amakwera pampando amadzitcha MkangoWolusa. Wina amamata chaka chobadwa kumapeto kwa dzina, kenako n'kumadabwa kuti anthu adziwa bwanji zaka zake. Ena amalemba dzina la chibwenzi, chibwenzi n'kutha, dzina n'kutsala. Amenewa anaona zakuda pa PlayStation, chifukwa kuyambira 2006 mpaka 2019 kunalibe njira yosinthira dzina. Munthu ankafika pokwatira wina, pa sikirini akuyendabe ndi wakale. Ngakhale PewDiePie, katswiri wa pa YouTube wa ku Sweden uja, "Pie" wakumapetoyo anangowonjezera ataiwala pasiwedi ya akaunti yake yoyamba ya YouTube. Ndiye si dzina lililonse limene linaganiziridwa mwakuya.

Langa linabadwa ndi mkwiyo, pakati pa usiku.

Ndinali nditangoika gemu yoomberana ya PUBG Mobile mufoni, anzanga atandinyengerera. Akazi anga anatembenuka pabedi n'kunena kuti, "Bambo, kuwalako kukundilowa m'maso, zimitsani." Ndinayankha mwaulemu kuti, "Chabwino mayi," n'kuzimitsa. Nditamva kuti tulo tawatenga ndinanyamuka monyang'ama, ulendo wa pabalaza, mtima uli phuthuphuthu ndi mawu onse amene ndinalephera kunena kuchipinda. Gemu inandifunsa dzina la zilembo zosapitirira 14. Ndinalemba Mphenzi, akuti lilipo kale. Chimphona, lilipo. Namondwe, lilipo. Pamenepo chala chinangoyenda chokha: SindiopaMkazi. Linalowa nthawi yomweyo. Mwa anthu mamiliyoni osewera gemuyi padziko lonse, panalibe ndi mmodzi yemwe amene analimba mtima kulitenga. Ine ndinaona ngati mwayi.

Popeza ndinalowa kudzera pa Facebook, gemu inakoka chithunzi changa cha kumeneko n'kuchiika pambali pa dzinalo. Chithunzicho chinali cha tsiku la ukwati, ine ndi mayi titagundanitsa masaya. Sindinade nazo nkhawa. Anthu amene ndinkakumana nawo anali ndi mayina a zilembo za Chiarabu ndi Chirasha, akanawerenga chiyani? Chimene sindinkadziwa n'chakuti anzako a pa Facebook amene amasewera gemu yomweyo amakuona pamndandanda wawo, dzina ndi chithunzi chomwe. Mmodzi mwa anzanga a pa Facebook ndi alamu anga, mchimwene wawo wa akazi anga.

Patapita miyezi, Loweruka lina madzulo, uthenga unalowa. "Alamu, tikusowa munthu mmodzi, bwerani tisewere." Sanatchule za dzina, ine ndinapumira m'mwamba. Tsikulo mayi anapita kukagona msanga, akuti mutu. Pakhomo la kuchipinda anachita kutembenuka n'kunena kuti, "Musewere bwino." Chiyambire ukwati wathu mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pawo.

Gulu limakhala la anthu anayi, mayina ali mundandanda pakona ya kumanzere. Alamu anali NjingaYaBambo. Nditafunsa, anandiuza kuti malemu bambo awo anawaphunzitsa kupalasa pa njinga yaikulu yoti miyendo sinkafika, ndiye akaona dzinalo amawakumbukira. Ndinakhala chete pang'ono, chifukwa pansi penipeni pa dzina laulemu chonchi panali langa. Wachitatu anali xX_Chete_Xx, mnzawo wa alamu, munthu woti sanatseke pakamwa kuyambira m'ndege mpaka kumapeto. Wachinayi anali Ndikukuonani, wopanda chithunzi, maikolofoni yozimitsa.

"Ameneyo ndi wamanyazi," anatero alamu. "Koma mfuti amaidziwa."

Tinadumpha m'ndege pachilumba cha Erangel, alamu n'kusankha Pochinki, kamudzi kamene aliyense wanzeru amakalambalala chifukwa anthu amagwerapo ngati dzombe. Ine ndinatera padenga lolakwika. M'nyumbamo ndinapeza chiwaya ndi kamfuti kopanda zipolopolo. Ndikumva mapazi pamasitepe, ndinabisala m'bafa chiwaya chili m'manja. Kunja kunangomveka kuti tatata, tatata, kenako zii. Chitseko chinatseguka, analowa Ndikukuonani. Anandiponyera mfuti, zipolopolo, mabandeji ndi chisoti cha levulo 3, chimene anthu amaphana kuti achipeze, n'kutuluka osanena kanthu.

"Alamu, achimwene awa munawapeza kuti?" ndinafunsa. "Awa ndiye amuna enieni!"

Alamu anatsokomola nthawi yaitali ndithu.

Apa m'pamene Chete anaona dzina langa. "Akulu, dzina lanuli ndi loona? Kunyumba amalidziwa?"

Mwamuna akafunsidwa chonchi pagulu la amuna anzake, kubwerera m'mbuyo kumavuta. Ndinayamba kufotokoza kuti pakhomo panga mawu omaliza ndi anga, kuti foni ndimazimitsa nthawi imene ndafuna ine, kuti nkhani yake ndi kungoonetsa mphamvu kuyambira pachiyambi.

"Nanga mukunong'oneranji?" anafunsa Chete.

"Maikolofoni yanga ndi yovutavuta," ndinatero, diso lili kuchitseko cha kuchipinda.

Tinatsala magulu ochepa, bwalo likucheperachepera, khoma la buluu limene limapha otsalira kunja kwa bwalolo likutithamangitsa kuchokera kumbuyo. Tikudutsa m'munda kuseri kwa Pochinki, wina anandiona ali paphiri. Chipolopolo choyamba chinaphwanya chisoti, chachiwiri chinandigwetsa. Amene simusewera, dziwani kuti ukagwa sumafa pompo. Umakwawa ndi mawondo, magazi akutsika pang'onopang'ono, kudikira mnzako kuti adzagwade pambali pako kwa masekondi 10 akudzutse. Palibe malo ena pamene munthu wamkulu amachonderera ngati pamenepa.

"Ndidzutseni! Alamu, ndagwa!"

"Ndili kutali, alamu," anayankha, pomwe pamapu ndinkawaona ali kuseri kwa mtengo womwewo.

Anabwera Ndikukuonani. Anaponya bomba la utsi, anamuchotsa wapaphiri uja ndi chipolopolo chimodzi, n'kudzaima pamutu panga. Kuima basi. Ine ndikukwawa mozungulira mapazi ake.

"Achimwene, chonde, dinani batani! Ndikufa!"

Kachizindikiro ka maikolofoni yake kanayaka.

"Werengani kaye dzina lanu."

Mawuwo ndinawamva kawiri. Koyamba anadutsa pakhoma kuchokera kuchipinda, kenako anafika m'mahedifoni atachedwa pang'ono. Thukuta linatuluka m'malo oti sindinkadziwa kuti mumatuluka thukuta.

"Mayi, ndinu?"

"Nthawi ikutha, bambo. Werengani."

Ndinawerenga chapansipansi.

"Sitikumva. Maikolofoni yanu ija ndi yovutavuta."

"SindiopaMkazi," ndinatero mokweza, mawu akunjenjemera.

"Mkazi wake uti?"

"Wa anthu ena, mayi. Akazi a eni ake sindiwaopa."

Chete anali ataseka mpaka foni kugwa, tinkangomva kugubuduka. Alamu anayamba kuyimba kanyimbo chamumtima. Mayi anagwada n'kuyamba kundidzutsa, manambala akutsika, ine mtima ukubwerera m'malo. Atatsala masekondi awiri anaimirira, zonse n'kubwerera pachiyambi.

"Nanga mawu omaliza pakhomo pano ndi a ndani?"

"Anu."

"Mbale zija?"

"Nditsuka gemu ikatha."

Anandidzutsa khoma la buluu litatsala pang'ono kutimeza, n'kundiponyera mabandeji ena. "Nditsatireni, musadzuke pa udzu mpaka ndinene." Ndinamvera. Gemu imeneyo tinapambana, ndipo kanali koyamba kuti ine ndione mapeto ake. Pa sikirini ya zotsatira mayina anatuluka mwadongosolo, Ndikukuonani pamwamba ndi adani onse amene anagwetsa, SindiopaMkazi pansi ndi ziro, pambali pake pali chithunzi cha ukwati.

Nkhani yonse ndinaimva ndili pasinki. Alamu anajambula dzinalo sabata yoyamba yomwe n'kuwatumizira achemwali awo. Mayi sanakalipe, sanafunse. Anaika gemuyo mufoni mwawo, analowa osalumikiza Facebook, ndipo usiku uliwonse ine ndikamanyang'ama kupita pabalaza, iwo ankadzuka, kuvala mahedifoni, alamu n'kumawaphunzitsa. Ine uko ndikutsitsa voliyumu kuti ndisawadzutse, iwo kuno akutsitsa yawo kuti ndisawamve. Chondiwawa n'chakuti pa nthawi yofanana yomweyo iwo anaphunzira kuombera munthu ali paphiri, ine ndinaphunzira kubisala m'bafa.

Dzina pa PUBG silisinthidwa ndi pakamwa, pamafunika kakhadi kosinthira dzina. Ndinali nako kamodzi kamene gemu inandipatsa kalekale. Mawa lake alamu anabwera kudzationa, ati kudzazonda wodwala mutu uja. Mayi anandilanda foni mwaulemu wonse, anakhala pakati pathu n'kulemba okha: NdimaopaMkazi.

Lilipo kale.

Anawonjezera 1. Lilipo. 2, lilipo. 3, lilipo. Anapitiriza mpaka 7 ndiye linalowa. Ndinayang'ana nambalayo, mtima unakhalako pansi podziwa kuti kwinakwake kuli abale anga amene anadutsa njira yomweyi. Mayi atapita kukhitchini, alamu anasendera pafupi, anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu.

"Alamu, musauze munthu. Wa 3 uja ndine, ndi akaunti imene ndimasewerera kunyumba."