Mmene ndinaphunzirira kusambira ndili ndi zaka 37 kuno ku Mangochi

Inetu kwathu ndi ku Dedza kumapiri, madzi omwe ndinakula ndikuwadziwa ndi a pamjigo ndi kamtsinje kochapirako basi. Uphunzitsi ndi womwe unandibweretsa ku Mangochi, cha ku Makawa kuno, nde ndinakhala zaka zisanu pafupi ndi nyanja koma madzi ake olo mmaondo sanandifikepo. Kudoko ndinkangopita kukagula usipa nkubwerera.

Chinandisintha ndi 2024 nyanja itasefukira ija, madzi atalowa mmakomo mwa anthu ndi mmaloji ammbali mwa nyanja. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza mwana wanga wazaka 7 ali ndi anzake mmadzi ofika mchiuno, pamalo pomwe kale panali njira yapansi. Ndinaima pamtunda kumangokuwa dzina lake, mumtima ndikudziwa kuti atati waterereka palibe chomwe ndingachite, ine mayi wake. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Ndinapempha mayi woyandikana nane, amuna awo ndi asodzi, iwo anabadwira konkuno ndipo kusambira anayamba asanayambe sukulu. Ndimawatchula kuti achemwali. Sanandiseke, anangoti aphunzitsi dikirani mwera uthe kaye. Nzoonadi, miyezi yozizira ija mwera ukamaomba nyanja imakhala yaukali, mafunde ake olo asodzi amawalemekeza, nde tinayamba mu Seputembala, mmamawa iwo akatha swala ya mbandakucha, nthawi yomwe madzi amakhala bata ndipo anthu sanachuluke.

Malo anasankha okha ndipo apa ndikupempheni musamachite makani. Pakhale pamchenga poyera poti pansi mukupaona, potsetsereka pang'onopang'ono, kutali ndi bango. Mu Shire ai, kaya ndi cha ku buliji ya Bakili Muluzi kaya kumunsi kolowera ku Malombe, madzi amakoka komanso ng'ona ndi mvuu ndi kwawo. Madzulo kukamada ainso. Funsani asodzi apamalopo, amadziwa pomwe pali dzenje, ndipo chaka chimenecho panalinso zitsa ndi mipanda yomwe inamira madzi atakwera. Chovala, ine ndinkavala legingi ndi tisheti yothina, chitenje ndimafika nacho mpaka mmphepete nkuchisiya pamchenga chifukwa chikanyowa chimalemera ndipo chimakulunga miyendo.

Sabata yoyamba yonse sitinasambire olo pang'ono. Timaima mmadzi a mchiuno, ine nditagwira manja awo, nde amati kokani mpweya ndi pakamwa, lowetsani nkhope, tulutsani mpweya ndi mphuno mpaka thovu lizimveka bwububu. Zikumveka zophweka eti? Tsiku loyamba nkhope itangokhudza madzi thupi lonse linauma gwa, mtima ukugunda mpaka mmakutu, ndinadzuka ndikutsokomola. Vuto langa linali loti ndimasunga mpweya mchifuwa ngati ndikuubisa, nde ukadzutsa mutu umafuna kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi, mpomwe madzi amalowa. Achemwali anati mphuno yomwe ikutulutsa mpweya madzi sangalowemo. Ndinayamba kuyeserera kunyumba mu beseni, chitseko nditatseka, kakhumi mmawa kakhumi madzulo. Pofika tsiku lachisanu ndimatha kutsegula maso mmadzi nkuona zala zanga zakumapazi ndi tinsomba tikudutsa, ndipo mantha anayamba kuchepa kuyambira pamenepo.

Kenako kuyandama chagada. Apa mpomwe ndinakhalitsa, pafupifupi masabata awiri. Amandigoneka dzanja lawo lili pamsana panga, nkumati makutu alowe mmadzi, yang'anani kumwamba, mimba mmwamba, manja tambasulani. Ine mutu ndimangofuna kuudzutsa kuti ndione mapazi, koma ukangodzutsa mutu chiuno chimapita pansi, thupi lonse nkutsatira. Komanso makutu akalowa mmadzi dziko lonse limangoti zii, mawu a munthu wakugwirayo sukuwamvanso, nde umamva ngati wasiyidwa wekha pakati pa nyanja. Tinagwirizana kuti azindigogoda paphewa ndi chala kuti ndidziwe kuti alipo. Mmawa wina ndikuyang'ana mitambo, ndikupuma bwinobwino, ndinazindikira kuti kugogoda kuja kwasiya kalekale, kucheuka ndikuona ali chapatali manja ali mchiuno. Ndinalira ndithu, madzi omwe ndinkawaopa moyo wanga wonse anali atandinyamula.

Chinthu china chomwe anthu sachitchula koma nchofunika zedi ndi kudziwa kuimirira ukachoka poyandama. Munthu wamkulu atha kumira mmadzi a mchifuwa chifukwa chongolephera kupeza pansi. Kokera maondo kumimba, manja kankha madzi, chiuno chitsike, kenako ponda. Tinabwereza kambirimbiri, chagada komanso chafufumimba, mpaka thupi linazolowera lokha.

Miyendo ndinaphunzirira pa chigubu cha malita 5 chotseka bwino, nditachigwira kutsogolo. Kumenya madzi kuchokere mchiuno osati mmaondo, mapazi omasuka, osachita kuthovola kwambiri ngati ukupalasa njinga. Koma chigubu si laifi jaketi, chitha kupulumuka mmanja kapena chivindikiro nkutseguka, nde musapite nacho pomwe simungaponde pansi. Manja anabwera pambuyo ndipo sanandivute kwenikweni, chovuta chinali kutembenuza mutu chammbali kuti ndipume mmalo moudzutsa kutsogolo. Ndipo nthawi zonse timasambira motsata gombe, osaloza pakati.

Tsiku limodzi zinavuta. Boti la injini linadutsa chapatali, funde lake linandipeza nditatsegula pakamwa, ndinamwa madzi nkusokonezeka, zonse zomwe ndinaphunzira zinathawa. Ndinawagwira achemwali pakhosi ndi mphamvu zanga zonse mpaka tonse tinalowa pansi. Iwo anangozama dala, ine nkuwasiya, kenako anandidzutsa chakumbuyo, ndipo kuimirira madzi anali a mchifuwa chabe. Titakhala pamchenga ndikunjenjemera anandiuza mosanyengerera kuti aphunzitsi, munthu womira amapha womupulumutsa, mwana wanu akadzavutika mmadzi choyamba mponyereni chigubu, chingwe kapena mtengo, ndipo kuwani anthu abwere. Anatinso womira nthawi zambiri sakuwa ai, amangoti mutu tumphu tumphu mwakachetechete, nde ana akakhala mmadzi maso asachoke pa iwo, foni ikhale mchikwama. Ndinakhala masiku atatu osapitako. Tsiku lachinayi anabwera okha kudzagogoda pakhomo kusanache.

Za manyazi ndisabise, zinalipo. Ana ena omwe ndimawaphunzitsa anandiona ndikumenya madzi ndi chigubu ndipo nkhani inafika kusukulu tsiku lomwelo. Ndinalowa mkalasi nkuwauza ndekha kuti eya ndikuphunzira, kwathu kulibe nyanja. Chodabwitsa atsikana angapo anabwera pa buleki kudzandinong'oneza kuti nawonso satha, chonsecho anabadwira mmbali mwa nyanja momuno. Timangoganiza kuti aliyense wa ku Mangochi amasambira koma si zoona, alipo amayi ambiri omwe amachapa ndi kutsuka mbale kunyanja tsiku ndi tsiku, amakweranso mabwato, koma sanayandamepo.

Likodzo musaliiwale. Tizilombo take timachokera mu nkhono zammadzi, timalowa pakhungu osamva kanthu, ndipo nkhonozo zimakonda malo abata a udzu ndi bango ngakhale pamchenga poyera sikuti ndiwe wotetezeka kotheratu. Osadikira mpaka uone magazi mumkodzo. Ine patapita miyezi ingapo ndinapita kuchipatala nkufotokoza kuti ndimalowa mnyanja pafupipafupi, anandiyeza, nkundipatsa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel molingana ndi sikelo yanga. Idyani kaye nsima musanamwe, amachititsa chizungulire ndi nseru.

Pofika mu Disembala ndimatha kuchoka pomwe amakocheza bwato la amuna awo a achemwali kukafika pa bwato lina chapatsidya motsata gombe, nditatopa ndimatembenuka chagada nkupuma kenako nkupitiriza. Pakuya sindipitabe ndipo ndekha sindilowa. Mwana wanga uja anadutsanso mmanja mwa achemwali, iye zinamutengera masiku ochepa chabe, koma lamulo ndi lomwelo, salowa popanda wamkulu. Loweruka likubwerali tikuyamba ndi awiri mwa atsikana aja, makolo awo avomera, ndipo achemwali akuti wogwira pamsana ndikhala ine, iwo aima pambali kumayang'anira.