Dzina loti Nyamazawo likutha ku Dedza kuno

Mukayenda midzi ya ku Linthipe kapena ku Mayani, a Nyamazawo omwe mungawapeze ambiri ndi agogo. Dzinali silinkaperekedwa mwachisawawa ayi. Mayi akataya ana awiri kapena atatu motsatizana, wobadwa pambuyo pawo ankatchedwa choncho, makamaka akakhala wamkazi. Tanthauzo lake ndi loti mwanayu si wathu, ndi nyama ya afiti omwe anadya anzake aja. Kunali kuwazazira afitiwo poyera kuti achite manyazi, amusiye mwanayo akule.

Wotchula dzina ankakhala gogo kapena zakhali, mchombo ukagwa, mayi akutuluka m'chikuta. Maina a Mwatitha ndi Maliro ndi a mtundu womwewo.

Lero katemera ndi sikelo zachepetsa imfa za makanda, mipingo nayo imakonda Chisomo ndi Madalitso, ndiye makolo akulithawa dzina la Nyamazawo. Kusukulunso anzake amamuseka mwana.

Amene mukulifunabe, samalani kalembedwe. Ena amalemba Nyamazao, ena Nyamazawo. Kalata ya kubadwa ikasiyana ndi satifiketi ya MANEB chifukwa cha "w" mmodziyo, mudzavutika kukonzetsa.