Kalata yanga yoyamba inabwezedwa pakhomo

Aphunzitsi athu atatipatsa ntchito yolemba dongosolo lokhazikitsa seva ya imelo ya bungwe longoyerekeza la antchito 200, ine ndinathamangira kuika mapulogalamu. Madzulo amodzi okha Postfix (yotumiza ndi kulandira imelo) ndi Dovecot (yothandiza anthu kuwerenga imelo zawo) zinali zikuyenda pa kompyuta ya Ubuntu. Ndinatsegula maakaunti awiri, ndinatumiza uthenga kuchoka pa ina kupita pa inzake, unafika. Ndinagona mtima uli mbee.

M'mawa mwake ndinatumiza ku Gmail yanga. Uthenga unabwerera. Mu log, momwe seva imalemba zochitika, munali mzere woyamba ndi 550, nambala yosonyeza kuti uthenga wakanidwa, wonena kuti IP (adiresi ya pa intaneti) yomwe ndikutumizira ilibe PTR, cholembedwa chosonyeza dzina la seva ya IP imeneyo. Ndinauwerenga kangapo, tiyi mpaka kuzizira m'kapu.

Apa m'pamene ndinayamba kumvetsa ntchito imene tapatsidwa. SMTP, njira imene maseva amapatsirana imelo, anailemba Jon Postel mu 1982, nthawi imene makompyuta olumikizana anali ochepa ndipo eni ake ankakhulupirirana. Munalibe chotsimikizira kuti wotumiza ndi yemweyodi amene dzina lake lalembedwa pa kalatayo. Achinyengo atachuluka, anthu anawonjezera zinthu zitatu zimene zimalembedwa mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti. SPF ndi mndandanda wa maseva ololedwa kutumiza m'dzina la bungwe. DKIM ili ngati chidindo cha amfumu pa kalata: wolandira amadziwa komwe yachokera, komanso kuti sinasinthidwe panjira. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera mayesowa. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, ndipo wotumiza mauthenga oposa 5,000 patsiku ku Gmail ayenera kukhala nazo zonse zitatu.

Koma PTR ija inandiphunzitsa china. Sindingaiike ndekha, amaika ndi eni IP, kampani yopereka intaneti. Ndiye kuti usanakhudze n'komwe kiyibodi, uyenera kuwapempha, kuwafunsa ngati port 25, khomo lodutsira imelo pakati pa maseva, ndi yotsegula, ndiponso kuona ku Spamhaus, bungwe losunga mndandanda wa ma IP otumiza mauthenga osafunika, ngati IP akupatsayo sinaipitsidwe kale ndi wina. Zonsezi zimadya masiku, ndipo m'dongosolo langa loyamba munalibe ngakhale chimodzi.

Za malo osungira sizinavute: anthu 200, aliyense 5 GB, ndi 1,000 GB, n'kuwonjezerapo backup yosungidwa nyumba ina.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi. Akathima seva n'kuzima, makalata obwera amatayika? Ndinapeza kuti ayi. Seva yotumiza imasunga kalata n'kumayesabe. Postfix payokha imayesa mpaka masiku 5 isanagonje. Komabe wowerengera ndalama amene akudikira invoice sangadikire masiku asanu, choncho ndinalembamo UPS (batire yogwira magetsi akathima) ndi jenereta, komanso MX yachiwiri, kutanthauza seva ina yolandira makalata, kumalo ena.

Funso lovuta linali lakuti bungweli lisunge lokha seva kapena lilipire Microsoft 365 kapena Google Workspace. Mtima wanga uli ku seva yakeyake, chifukwa zinazo amalipira mutu uliwonse mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, zomwe kuno kwathu n'zosowa. Koma seva imafuna munthu woiyang'anira tsiku ndi tsiku, ngakhale Lamlungu usiku. Ndinalemba mosabisa kuti ngati bungwe lilibe munthu wotero, lisayerekeze.

Panopa DMARC yanga yoyeserera ili pa p=none, kutanthauza kuti wolandira asachite kanthu ndi kalata yolephera mayeso, angonditumizira malipoti. M'mawa uliwonse ndikumawerenga malipoti amene akubwera, ndipo zonse zikayenda bwino ndiisunthira pa quarantine, kuti kalata zolephera ziziikidwa padera ngati zokayikitsa.