Dzina Lalitali Kuposa Mwiniwake

Kagalu kathu kanafika pakhomo kali ndi masabata 9, ndipo kanali kochepa moti kankakwana m'manja awiri a mwana wanga wamkazi. Kanali kakakazi, kaubweya wofiirira, ndipo makutu ake anali aakulu ngati kachita kubwereka kwa galu wina. Masiku oyambirira tinkangokatchula kuti "kagalu" kapena "iwe", chifukwa aliyense m'nyumba anali ndi dzina limene ankalikonda ndipo panalibe wofuna kugonja. Tinagwirizana pa mfundo imodzi yokha, yoti dzinalo likhale loseketsa, popeza kanyama kameneka kankatiseketsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndipo dzina lolemera likanakhala lachilendo pa iko.

Chichewa chili ndi njira yoseketsera imene sifuna mawu ambiri. Tikaika "ka" kutsogolo kwa dzina, chinthucho chimachepa n'kukhala chomvetsa chisoni kapena chokondeka, ndipo tikaika "chi", chimakula n'kukhala choopsa. Munthu akanena kuti panjira pali chigalu, anthu amabwerera, koma akanena kuti pali kagalu, ana amathamangira komweko. N'chifukwa chake wofuna dzina la galu wamng'ono amakhala ndi njira ziwiri. Angathe kuvomereza kuchepa kwa galuyo, monga anachitira eni ake a Pearl, galu wamkazi wa mtundu wa Chihuahua wa ku Florida, amene mu 2023 analembedwa ndi Guinness World Records kuti ndi galu wamfupi kwambiri mwa agalu amoyo, wa masentimita 9.14 okha, ndipo dzina lakelo limatanthauza ngale. Angathenso kuchita zosemphana ndi zimenezo, n'kupereka dzina la chinthu chachikulu kwa kanthu kakang'ono kuti anthu aziseka kusiyanako.

Ife tinayamba ndi njira yachiwiriyo. Mwana wanga wamwamuna ankafuna dzina loti Chimphona, bambo ake ankafuna Mkango, ndipo mlongo wake anandikoka mkono n'kunena kuti, "Amayi, tikatche Njovu, muone mmene anthu adzasekere." Tinayesa Njovu kwa masiku awiri. Tsiku loyamba tinaseka kwambiri, makamaka pamene Njovuyo inalephera kukwera sitepe ya pakhomo n'kugwa chagada, koma pofika madzulo a tsiku lachiwiri palibe amene ankasekanso. Ndinazindikira kuti nthabwalayo sinkanena chilichonse za kagalu kathu. Inkangonena kuti n'kakang'ono, zimene aliyense amaona ndi maso, ndipo dzina lomwelo likanayenera kagalu kena kalikonse padziko lapansi.

Zimenezi zinandichititsa kuganizira za kutalika kwa nthawi imene dzina limagwira ntchito. Agalu a mitundu ing'onoing'ono nthawi zambiri amakhala ndi moyo zaka 12 mpaka 16, kuposa agalu akuluakulu monga Great Dane amene kawirikawiri sapitirira zaka 10. Dzina limene tikanasankha mlungu umenewo tikanalitchula tsiku lililonse mpaka ana anga atakula n'kuchoka pakhomo. Tikanalitchula posewera, koma tikanalitchulanso galuyo atadwala, atasowa usiku tikumufunafuna ndi tochi, ndiponso atakalamba, maso atachita khungu. Nthabwala imene yatha mphamvu pa masiku awiri singathe kusenza katundu wotere.

Nkhani ya agalu amene anatumizidwa mumlengalenga ndi dziko la Soviet Union inandithandiza kwambiri pa mfundo imeneyi. Asayansi a kumeneko ankatola agalu osowa mwini m'misewu ya ku Moscow, ndipo ankasankha aang'ono ndiponso aakazi, chifukwa malo m'chombo anali ochepa komanso chovala chotayira zonyansa za m'thupi chinkakwanira bwino agalu aakazi. Maina amene ankawapatsa anali opepuka, ochokera pa zimene ankaona pa galuyo. Amene anakwera chombo cha Sputnik 2 pa 3 Novembala 1957 poyamba ankatchedwa Kudryavka, kutanthauza kaubweya wopotanapotana, ndipo kenako anadziwika ndi dzina loti Laika, lochokera ku mawu a Chirasha otanthauza kuuwa. Mu Ogasiti 1960 kunapita Belka ndi Strelka, kutanthauza gologolo ndi kamuvi, ndipo iwowa anabwerako amoyo. Laika sanabwerere, anafa patangopita maola ochepa chifukwa cha kutentha kwa m'chombomo. Chimene chimandikhudza n'chakuti dzina lakelo, ngakhale linali losewera, anthu akhala akulitchula mwachisoni ndi mwaulemu kwa zaka zoposa 60, ndipo silichititsa manyazi pakamwa pa wolitchula. Ndinafuna kuti dzina la kagalu kathu likhale lotero, loti likhoza kuseketsa lero n'kudzatchulidwa ndi misozi m'tsogolo.

Pa chifukwa chomwechi ndinakana maina onse onyoza. Mnzanga wina ananena kuti tikatche Chitsiru chifukwa kankauwa tsache, ndipo wina anati Wakuba chifukwa kankabisa masokosi pansi pa mpando. Ndi zoona kuti galu sadziwa tanthauzo la mawu amenewa, koma anthu amadziwa, ndipo ana amachitira nyama mogwirizana ndi dzina limene amva akuluakulu akuitchula. Komanso mawu onyoza amatuluka ndi kamvekedwe konyoza ngakhale munthu asakufuna. Mu 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Eötvös Loránd ku Budapest anaunika ubongo wa agalu amene anaphunzitsidwa kugona osasuntha m'makina ojambulira, ndipo anapeza kuti agalu amasiyanitsa mawu enieniwo ndi kamvekedwe kake, ndiponso kuti mbali ya ubongo yosonyeza chisangalalo inkagwira ntchito kwambiri pamene mawu oyamikira ananenedwa ndi liwu loyamikira. Ndinakananso kutcha galu dzina la munthu amene timamudziwa, kaya wachibale kaya mnansi, chifukwa kuseka kumene kumasiya wina atakhumudwa sindikufuna pakhomo panga.

Dzina lina limene ndinalikonda linali Mwera, chifukwa kagaluko kankathamanga ngati mphepo, koma linagwa pa mayeso a khutu. Mwera amamveka pafupi kwambiri ndi "bwera", mawu amene galu aliyense ayenera kuwamva bwino chifukwa tsiku lina angamupulumutse ku galimoto. Ndikulangiza aliyense wosankha dzina kuti alitchule mokweza motsatizana ndi mawu monga "bwera", "khala", "gona", "leka" ndi "ayi", ndipo akamva kuti akufanana, alisiye ngakhale likhale lokoma chotani. Langizo loti dzina la galu likhale lalifupi si lachilendo ayi. Xenophon, Mgiriki amene analemba za ulenje zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, analangiza kale alenje kuti azipatsa agalu awo maina aafupi kuti asamavute kuitana.

Dzina lenileni linabwera madzulo a tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo analibweretsa ndi kagalu komweko. Tinali titakhala pabalaza pamene kanadzambatuka popanda chifukwa chooneka, n'kuyamba kuzungulira tebulo mwaliwiro, makutu atagonera kumbuyo. Kanamwaza nsapato zimene zinali pakhomo, kanakoka kansalu kopukutira mapazi mpaka pakati pa chipinda, kenako kanaona mchira wake n'kuyamba kuuthamangitsa, kakuzungulira pamalo amodzi mpaka miyendo inasokonezeka. Katatopa kanalowetsa mutu m'nsapato ya bambo a anawa n'kugona tulo pomwepo, thupi lonse likukwera ndi kutsika chifukwa cha befu. Bambowo anayang'ana chisokonezocho n'kunena kuti m'nyumba mwadutsa namondwe.

Kwa kanthawi ndinaganiza kuti dzina lapezeka, chifukwa Namondwe amamveka ngati dzina la mkazi ndipo ndi chinthu chachikulu choikidwa pa kanthu kakang'ono. Koma nditalitchula kangapo mumtima, ndinakumbukira kuti namondwe amagwetsa nyumba ndiponso amapha anthu, ndipo pali ena amene akamva mawu amenewa amakumbukira abale awo. Sindinafune kuti tsiku lina ndiitane galu pamaso pa munthu wotero. Ndili mkati mofotokoza zimenezi, mwana wanga wamkazi anandidula mawu n'kunena kuti, "Amayi, ameneyu si namondwe, ndi kamvuluvulu. Amangozungulira, n'kunyamula zinyalala, kenako n'kutha." Ananena zoona. Kamvuluvulu amadzuka mwadzidzidzi, amazunguza fumbi ndi masamba ouma, ndipo asanathe kuopseza munthu amakhala atazimiririka. Tonse tinaseka, ndipo kusekako kunali kosiyana ndi kwa Njovu kuja, chifukwa tinkaseka chinthu chimene tinali titangochiona ndi maso athu.

Vuto linali kutalika kwa dzinalo, ndipo pamenepa langizo la Xenophon silinatayidwe. Tinagwirizana kuti dzina lonse likhale Kamvuluvulu, koma loitanira tsiku ndi tsiku likhale Vulu, lomwe ndi lalifupi ndipo silifanana ndi lamulo lililonse limene timamuphunzitsa. Ndinapempha aliyense kuti asamasinthesinthe katchulidwe m'masabata oyambirira, ndiponso kuti asamatchule dzinalo pokalipa. Tinkaitana kamodzi kokha, ndipo akatembenuka n'kutiyang'ana tinkamuyamikira ndi kumusisita kuseri kwa makutu. Pasanathe mlungu anali atayamba kuimika makutu aakulu aja akangomva "Vulu", ngakhale ali m'chipinda china.

Panachitikanso chinthu china chimene palibe anachikonza. Tisanapereke dzina tinkanena kuti "kagona", "kabwera", "kakulira", monga mmene timanenera za kanthu. Dzina litakhazikika, ndinamva mwana wanga wamwamuna akufunsa kuti, "Vulu wagona kuti?" ndipo ndinazindikira kuti tonse tinali titasiya "ka" uja. Ngakhale polemba nkhani ino dzanja langa lasintha lokha pofika pamene dzinalo linapezeka, ndipo sindingathenso kubwerera ku kalankhulidwe kakale.

Atakwanitsa masabata 12 tinapita naye kwa dokotala wa ziweto kukalandira katemera wa chiwewe. Mayi wolemba maina anandifunsa dzina la galu, ndipo nditalitchula lonse anayamba kulemba pakhadi, koma mzere unatha asanamalize, moti zilembo zomalizira anazipinda m'mphepete mwa pepala. Anasuzumira m'dengu limene ndinanyamula, anaona timaso tiwiri ndi makutu, ndipo anaseka mpaka kugwira pakamwa. Anati, "Mayi, dzinali ndi lalitali kuposa mwiniwake." Pasikelo Vulu analemera makilogalamu awiri. Dokotala atamubaya analira pang'ono n'kubisa mutu m'khwapa mwanga, ndipo ndinamunong'oneza dzina lake mpaka kunjenjemera kunasiya. Titangomutsitsa pansi kuti timumange chingwe, anaona mchira wake n'kuzungulira katatu pakati pa chipinda chodikirira, ndipo mayi uja anaitana mnzake kuti abwere adzaone chifukwa chake khadi lija linachepa.